Agogo Obwereka a ku Dianella

Pamafulati a njerwa zofiira ku Dianella, dera lina la mumzinda wa Perth, khomo lapansi loyang'anizana ndi zingwe zoyanikapo zovala linali la mkulu wina dzina lake Jacob. Koma Edda, amene ankakhala pamwamba pake, sanawaitanepo dzina limenelo. Eni akewo anamuuza tsiku loyamba lomwe kuti, "Nine Yakobe. Jacob ni wa ku boma."

Anadziwana chifukwa cha khwangwala. Munali mu Epulo 2020, mzinda wa Perth uli zii, anthu akulambalalana m'njira ngati apongozi. Edda anali ndi pathupi. Mwamuna wake Paterson anali atapita ku Machinga kukaika maliro a bambo ake, ndipo malire a dziko anatsekedwa iye ali komweko. Tsiku limenelo Edda akuyanika zovala, khwangwala anatera pabeseni n'kuyamba kujompha sopo.

"Choka apa, wakuba iwe," anatero Edda, poyesa kuti ali yekha.

"Musiyeni, mai. Nayenso afuna kusamba."

Edda anacheuka. Pakhonde panali mzungu wokalamba, wamfupi, kachipewa kozungulira kali paliwombo, kapu ya tiyi ikunjenjemera m'manja. Edda anasuzumira kumbuyo kwa mkuluyo kuti aone amene walankhula. Kunalibe munthu.

A Yakobe anabadwira ku Chipata, nthawi imene tauniyo inkatchedwa Fort Jameson. Bambo awo, Myuda wochokera ku Lithuania, anali ndi sitolo ya nsalu, mchere ndi makasu. Mayi awo ankadwaladwala, choncho amene anawabereka kumbuyo anali mayi wina wa m'mudzi wapafupi, a Tisauke. Chinyanja anachimwera m'phala. Kwawoko anachokako ndevu zisanamere, ndiye chinenerocho chinawatsalira mmene anachisiyira. Ankadziwa mawu onse a mango, a mbewa, a legeni ndi otukwanira mbuzi, koma a kuchipatala ndi a kuofesi ankachita kufunsa.

Atachoka ku Chipata anakhala ku Bulawayo, kumakonza makina osokera. Kumeneko anakwatira Minna, mphunzitsi wa sukulu, koma mphatso ya mwana sanaione. Atasamukira ku Perth, a Yakobe anayendetsa galimoto yoperekera buledi m'mashopu mpaka maso atayamba kuwanamiza. Minna anamwalira mliri usanabwere, n'kuwasiyira makina osokera ndi mabuku odzaza khoma.

Edda sanafulumire kuwakhulupirira. Mtsikana wokhala yekha kudziko la eni amakhala maso. Anayamba wawaonerera ali pazenera lake. Anaona kuti Loweruka sagwira ntchito iliyonse, kuti bini ya mayi wolumala wa khomo lachitatu amaikoka ndi iwo, ndiponso kuti akamalankhula naye amaima patali, manja kumbuyo, ngati mwana wa sukulu. Atakhutira anayamba kumawagulira mkaka ndi mazira pobwera kuntchito yake yokolopa m'maofesi, n'kumawasiyira pakhomo. Kenaka anayamba kumakhala pasitepe, iwo ali pakhonde, mphepo ikudutsa pakati pawo monga ankanenera a zaumoyo.

Pasitepe pomwepo ndi pamene anamva za ntchito imene inawatchukitsa, yomwe sinali ya buledi ayi. Kwa Ayuda, mwana wamwamuna amadulidwa tsiku lachisanu ndi chitatu, ndipo pamwambowo pamafunika munthu wamkulu womufukata pamawondo. Ulemu umenewu kawirikawiri umapita kwa agogo a mwanayo. Koma mabanja amene a Yakobe ankapemphera nawo, ambiri ochokera ku Joni ndi ku Zimbabwe, anali achinyamata, nkhalamba zawo anazisiya kumbuyo. Tsiku lina banja lina linasowa munthu, Minna n'kuwagunda amuna ake ndi chigongono. Mwanayo anakhala phee pamawondo pawo, mbiri n'kuwanda. Kuyambira pamenepo, kukabadwa mwana wamwamuna kubanja lopanda agogo, foni inkalira kwa a Yakobe. Munthu wosabereka anafukata ana a eni mpaka kusiya kuwawerenga.

"Ena ni madokotala lomba," ankatero. "Tikakumana mu shopu angonidutsa. Siniwaimba mlandu. Nkhope yanga sanaione, anaona chibwano chabe."

Davide anabadwa mu Okutobala, bambo ake akadali ku Machinga. Paterson anamuonera pafoni, analira, kenaka patapita masiku anayamba nkhani imene Edda ankaidziwa kuti ikubwera. Kwawo kwa Paterson mnyamata amapita ku jando. Davide adzakulira ku Perth, kopanda simba, ndiye kunali bwino adulidwe akadali khanda. Edda sanatsutse, chifukwa anagwirizana kale ali pachibwenzi. Anapeza kakiliniki kena ka ku Joondalup. Kumeneko anamuuza zinthu ziwiri: amalandira makanda okhaokha, mwana akakula pang'ono sangamuthandize, ndiponso chifukwa cha kolona, wolowa ndi mwana m'chipinda ndi munthu mmodzi basi.

Apongozi ake aakazi atamva, anamulanda Paterson foni.

"Mayi a Davide, zimenezo mkazi saona. Mupeze mwamuna alowe naye."

"Chabwino, amayi."

"Komanso osati mwamuna aliyense. Akhale woti iye mwini anadutsamo. Wosadutsamo sayandikira, mwana bala silipola."

Lamulungu lake Edda anakhala kutchalitchi, mipando ili motalikirana, n'kumayang'ana amuna mmodzimmodzi. Oyimba kwaya, madikoni, amene amatseka mazenera. Onse ovala bwino, onse aulemu. Funso lotero ungaliyambe bwanji kwa mwamuna wa mwini? Potuluka anamukokera pambali Margreth, nesi amene ankamutenga ngati mng'ono wake, n'kumunong'oneza. Margreth anaseka mpaka kugwira galimoto ya abusa.

"Iwe Edda, ukufuna ndiime pa zolengeza? Wangayu ndi wa ku Dedza, usadzivute n'kufunsa. Enawa ndiye sindinawasambitsepo."

Mu Perth monse, mwamuna amene Edda ankadziwa za iye popanda kufunsa anali mmodzi yekha.

Anawapeza a Yakobe akuthirira timbewu tawo ta m'zitini. Anakhala pasitepe, Davide ali pamiyendo, n'kuzungulira nkhani ngati mbuzi yapachingwe. A Yakobe anamvetsera mpaka anamvetsa, ndipo anaseka mapewa okhaokha.

"Ndiye kuti apongozi anu afuna mboni. Auzeni kuti ine ninadutsamo, kungoti mochedwa. Wodula wathu anali kutali, anabwera na sitima, kenaka lole, mvula n'kumutsekera panjira. Anafika nili kale na mafuta m'masaya. Atate anakwiya chaka chonse."

"Mungalowe naye, agogo?"

"Ningalowe."

Edda anayang'ana manja awo, mmene kachitini kothirira kankagwedezekera. A Yakobe anaona kumene maso ake ali.

"Manja anagwa, inde. Koma akagwira mwana aleka. Musanifunse chifukwa, nanenso sinidziwa."

Kenaka Edda anafunsa chinthu chimene chinkamuzunguza kuyambira tsiku limene anaimba foni kukiliniki. Kwawo munthu wodula anyamata ali ndi dzina, ndi ngaliba. Ukalimva dzinalo umadziwa kuti ndi ndani, amakhala kuti, mkazi wake ndi uti. Koma mtsikana wa pafoni uja ankangoti dokotala, dokotala. Kodi Chingerezi chilibe dzina la munthu wotereyu?

Nkhope ya mkuluyo inawala. Mafunso otere ankawadziwa ndi Minna, anatero, ndipo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chibuku cha mawu chong'ambika msana. Sanachitsegule n'komwe, anangochikhazika pamawondo.

"Angerezi ni anthu obwereka. Liwu lawo lalitali lija, circumciser, analitenga kwa Aroma, ku Chilatini. Ni mawu awiri omata: loyamba litanthauza kuzungulira, lachiwiri kudula. Wodula mozungulira, basi. Liwu lozizira ngati lumo. Munthu simumuona mmenemo, muona mpeni chabe."

"Ndiye palibenso lina?"

"Lilipo, koma ni lathu. Mohel. Anabwereka ku Chiheberi, ku liwu lakalekale la mdulidwe, lomba lili mu buku lawo ngati anabadwa nalo. Atate sanali kunena mohel, anali kuti moyel, mwa chinenero cha kwawo ku Lithuania. Minna anali kuwakonza, iwo n'kumuuza kuti, mtsikana, liwu ili ninabwera nalo pa sitima ya pamadzi, iwe unalipeza mu buku." Anasisita chikuto chija. "Nanga lanu, ngaliba, linachokera kuti?"

"Ndi la Chiyao, agogo. Kupitirira apo sindidziwa."

"Ngaliba," anabwereza mkuluyo, akulilawa. "Lili na thupi. Limveka ngati munthu wobwera na ng'oma."

Ankayembekeza kuti Edda aseka, koma sanaseke. Anamukumbatira Davide mpaka mwanayo anadandaula.

"Mai, muopa mpeni?"

"Mpeni ayi, agogo. Chitseko."

Ndiye anawauza. Ali kamtsikana ku Liwonde, nyumba yoyandikana nayo inali ya Abiti Ndembo. Mwana wawo Amidu anapita ku jando ndi anzake nthawi yozizira. Tsiku lililonse mayiwo ankaphika n'kukatula chakudya kumalire a tchire, kumene amuna ankachilandira. Mbale zinkabwerako zopanda kanthu, iwo n'kumanyadira kuti mwana akudya. Tsiku lotuluka anyamata anabwera atawerama, azimayi akululutira, aliyense akuthamangira wake. Abiti Ndembo anaima ndi malaya atsopano pamkono mpaka mzere unatha. Amidu anali atamwalira kalekale, koma mwambo sunkalola kuti mkazi auzidwe.

"Ndikudziwa kuti kuno n'kuchipatala," anatero Edda. "Ndikudziwa kuti ngakhale kwathu zinthu zinasintha. Mutu ukudziwa. Koma ndikangoganiza chitseko chitatsekedwa, iye mkati, ine kunja, wina n'kumandiuza kuti zonse zili bwino, miyendo imandithera."

"Mwawauza amuna anu?"

"Angoika bambo awo. Mwana sanamugwirepo. Chinthu chimodzi chokha chimene apempha ndiwakanize?"

A Yakobe sanamuuze kuti asaope. Anangoti, "Ine bodza sinizakuuzani. Akalira nizanena kuti alira."

"Mudzanena bwanji muli mkati?"

"Siniziwa. Tikaona komweko."

Tsikulo linafika kukutentha kuchokera m'mawa. A Yakobe anatuluka atavala suti yakuda yonunkha m'bokosi, ndi masiki amene anasoka okha pamakina a Minna, chingwe china chachitali kuposa chinzake. M'basi ndi m'sitima Edda ankangoika chala pamphuno pa Davide. Mkuluyo ankawerenga mokweza mayina a masiteshoni ngati akuwaona koyamba.

Kukiliniki nesi anawapopera mankhwala m'manja n'kufunsa kuti alowe ndani.

"Agogo ake," anatero a Yakobe m'Chingerezi.

Nesiyo anayang'ana mkuluyo, anayang'ana mwana, n'kumwetulira osafunsanso. Anamuuza Edda kuti adikire panja, poti mipando ya mkati anaichotsa. Edda anamupereka Davide. Anaonetsetsa manja aja akulandira mwana, ndipo anaona ndi maso ake kuti aleka kugwedezeka. Chitseko chinatsekeka.

Panja panali magalimoto ndi dzuwa basi. Edda anayesa kukhala pakakhoma, anaimirira, anayesa kupemphera koma mawu anathawa. Anali atagwira kale chogwirira cha chitseko chakunja, osadziwa kuti akalowa akanena chiyani, pamene anamva mawu kuchokera kumbali kwa nyumbayo.

"Mai Davide. Mai Davide, muli kuti?"

Anathamangira kumeneko, kudutsa mabini ndi timaluwa touma. Zenera lina la galasi losaonekera mkati linali litatsegulidwa pang'ono, mpata wolowa dzanja.

"Ndili pano, agogo."

"Nawauza kuti nine nkhalamba, niopa kolona, sinikhala mu chipinda chopanda mphepo. Si bodza, niopadi. Imani pamenepo."

Edda anatembenuka n'kutsamira khoma ndi msana, maso ku mabini. Anali atawalonjeza apongozi ake kuti saona, ndipo sanafune kuona. Njerwa zinkamuotcha kudzera m'bulauzi.

"Lomba amugoneka pa kabedi. Mawondo anga awakana, akuti nigwire manja chabe. Anthu osadziwa mwambo." Panamveka kulira kwakuthwa, Edda n'kudzigwira pakamwa. "Uko ni kwa jekeseni wochititsa dzanzi. Alira zoona, nkhope yafiira. Lomba nesi wanipatsa madzi a shuga, nimuika pa lilime. Ayamwa chala changa ngati ni mango."

Kulira kunachepa n'kusanduka kudandaula. Mkuluyo anapitiriza kulankhula, mawu ake osakwera osatsika. Anamuuza kuti dokotala ndi mwamuna wa imvi m'mbali, wosamba m'manja mpaka m'zigongono. Anamuuza kuti akudikira mankhwala agwire, kuti Davide akuyang'ana getsi, kuti waphonya nesi ndi mkodzo pang'ono pokha. Edda anaseka misozi ili m'masaya.

"Lomba ayamba."

Kenaka kunali zii. Galimoto inadutsa mumsewu. Edda anamva zitsulo zikugundana m'mbale, anamva dokotala akunena kanthu motsitsa, nesi n'kuyankha mwachidule. Mawu a mkulu uja sanamvekenso.

"Agogo."

Palibe yankho.

"Agogo, munalonjeza."

"Nilipo, mai." Mawuwo anabwera mochedwa. "Kudula atha. Magazi alipo, ochuluka pang'ono kuposa amene ninazolowera. Dokotala akanikiza na nsalu. Sanathamange, sanaitane munthu. Mwana apuma, aniyang'ana."

Edda anagwira paipi ya madzi imene inatsika pakhomapo. Dziko linkazungulira, koma iye sanagwe. Chinthu chimene ankachiopa chinali chitafika, ndipo anali akuchimva ndi makutu ake, nthawi yomweyo, osati mwezi wamawa. Anapeza kuti angathe kuima.

"Nenanibe, agogo."

"Akanikizabe. Asintha nsalu. Iyi yachiwiri siinanyowe ngati yoyamba. Lomba achotsa dzanja, ayang'ana. Ayang'anabe." Mkuluyo anapuma mwamphamvu. "Aleka, mai. Magazi aleka."

Mkati dokotala anafunsa m'Chingerezi ngati mkuluyo akupemphera. A Yakobe anayankha kuti ayi, akupereka lipoti kwa mayi wa mwana, ali kuseri kwa zenerali. Kunamveka mapazi, kenaka mawu achilendo pafupi ndi khutu la Edda, kumuuza kuti mwana ali bwino, anatuluka magazi pang'ono koma atha, amusunga kanthawi kuti atsimikize. Edda anathokoza mabini, chifukwa sanatembenuke.

Atatuluka, a Yakobe anayenda pang'onopang'ono ngati anyamula madzi odzaza m'mbale. Edda anamulandira Davide, anamununkhiza m'mutu, anamuwerenga zala ngati kuti kumeneko n'kumene anagwirako. Nesi anamufotokozera za kasamalidwe ka bala ndi zoti akaona abwerere msanga, Edda n'kumubwerezetsa kawiri. Mwana atangochoka m'manja mwawo, manja a mkulu uja anayambiranso, ndipo anakhala pansi pakakhoma suti ili yonyowa kumsana.

"Pamene paja munakhala chete," anatero Edda.

"Ninafuna kukuuzani kuti zonse zili bwino. Mawu anafika apa." Analoza pakhosi. "Ninachita kuwameza."

Edda anakhala pambali pawo, pafupi kuposa mmene a zaumoyo ankalolera, n'kuyamba kuyamwitsa. Ndi dzanja linalo anaimbira Paterson. Ku Machinga kunali kukungocha kumene, atambala akumveka.

"Zatheka, bambo a Davide. Akuyamwa."

"Unalowa?"

"Sindinalowe."

"Nanga bwanji ukumveka ngati unali pomwepo?"

"Anatuluka magazi pang'ono, anakanikiza, analeka. Ndikuuzani zonse bwinobwino. Yambani mwathokoza akuluwa."

Paterson anawapatsa moni wa ulemu wonse wa kwawo, kuwatchula che Yakobe, ndipo apongozi aakazi anamveka kumbuyo akufunsa ngati mzunguyo anadutsamodi. A Yakobe anagwira foni patali ndi nkhope ngati ingawalume, n'kuyankha mafunso onse mmodzimmodzi, mpaka nkhani inafika pa mvula ya chaka chino ndi mtengo wa mango umene unali kuseri kwa sitolo ya bambo awo.

Davide anagona bere lili m'kamwa. Edda anayang'ana kachifuwa kake kakukwera ndi kutsika, ndipo ali chiyang'anire anamva chinthu chimene anali atachiiwala sabata yonse. Anali ndi njala, njala yeniyeni yopotokola m'mimba.

"Agogo, tiyeni tikapeze chakudya."

"Kuno kulibe chimene chilamulo chathu cha Ayuda chinilola kudya, mai. Kapena nthochi."

Anagula phava lonse la nthochi pafupi ndi siteshoni, n'kukhala pabenchi pamthunzi. Sitima yoyamba anaisiya ipite.